Kamphaka ka Mawanga Ofiira

Mayi Lorna Kostiuk a ku Guelph anali ndi zaka 60 pamene anayamba kukweretsa mphaka wa mtundu wa Siamese ndi wa Burmese. Anthu ankati ukalamba wawalowa m'mutu. Iwo ankafuna mphaka wa pakatikati, wotchedwa Tonkinese: ubweya ngati tiyi wamkaka, makutu ndi mchira zoderapo, maso obiriwira, wokonda kucheza, wolondola munthu mpaka kubafa.

A bungwe la oweta amphaka anawauza mosapsatira kuti akufuna mibadwo inayi yolembedwa, tate ndi mayi odziwika. Kupanda apo, amenewo ndi amphaka wamba. Wina anachita kunena kuti ndi Siamese wolephera, ndipo mawu amenewo anawakhala pamtima zaka zisanu ndi ziwiri.

Pearl, mphaka wamkazi yekhayo wa m'badwo wachitatu, nthawi yake itakwana anamuika ndi Duke, mphaka wamwamuna amene anamusankha mosamala. Patangopita masiku awiri, amuna a mayiwo, a Walt, anapsereza nyama, n'kutsegula zenera kuti utsi utuluke. Pearl anatulukira pomwepo. Anakamupeza kuseri kwa garaja ali ndi chimphaka chofiira cha aneba, choduka khutu.

Kubereka kunavuta, moti dokotala wa ziweto analetsa kuti Pearl asadzaberekenso. Ana anabadwa asanu. Atakula pang'ono, anayi anali ndendende zimene mayiwo ankafuna, koma kachisanuko kanali ndi mawanga ofiira.

"Kameneka tikapereke kwa mlongo wanga ku Kitchener," anatero a Walt. "Anayiwa ingolembani. Adziwa ndani? Mphaka sayankhula."

"Mukanadziwa kutseka zenera ngati mmene mukufunira kutsekera nkhaniyi, bwenzi tili patali."

"Aa, ndinapepesa kale, mayi. Koma taonani, awa ndi a Duke, sizofunsanso."

"Mwina. Nanga chimphakacho chikakhala ndi magazi a Siamese, n'kubisala mwa anawa? Wina adzagula, adzakweretsa, kudzatuluka zofiira. Adzati Tonkinese ndi bodza, ndipo bodzalo lidzakhala langa."

Mayi Kostiuk anakhala patebulo ndi mafomu a bungwe. Zinawapweteka kwambiri, ndipo analira osabisa, a Walt ataima pakhomo ngati mwana wakuba shuga. Kenako anapukuta magalasi awo n'kutenga cholembera. Pamzere wa dzina la tate analemba kasanu konse kuti, "Sakudziwika." Mibadwo yonse ija inathera pamenepo.

Anamata envulopu, n'kuvala chikhoti chawo.

"Walt, lizani galimoto. Tidzera kupositi, kenako ku Hamilton. Kuli mayi wina ali ndi Burmese wamkazi."

"Mukuti muyambirenso? Mayi inu, zaka 67!"

"N'chifukwa chake ndikuti fulumirani."