Chifuwa chachikulu cha m'kakolo

Izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo wotsutsa abwere ndimuyalire mapepala, chifukwa ngakhale khadi la kuchipatala la nthawi ya Chitaganya ndikadali nalo. Ndinkagwira ntchito m'mabani owumitsira fodya papulazi ina kufupi ndi tauni ya Macheke pamene kakolo wa kumanzere anayamba kutupa, pang'onopang'ono miyezi ingapo, mpaka anaboola kabala kotuluka mafinya osapola.

Kukiliniki ya mishoni anandilembera kalata yoti ndipite msanga kuchipatala chachikulu, ndipo wothandiza dokotala anandimasulira kuti ndi chifuwa chachikulu cholowa m'fupa, ndikachedwa phazi adzadula. Koma pasi yochokera papulazi inkadzera kwa kapitawo, mbuli yonenepa yosadziwa ngakhale kuwerenga dzina lake. Atamva mawu oti chifuwa, anaseka mpaka kugwira khoma.

"Achimwene, phazi lanulo tiyambe talimva likutsokomola."

Komboni yonse inaseka naye, anthu opemphera Lamulungu lililonse. Kwa bwana kapitawoyo anakanena kuti ndikuthawa kuthyola fodya, kwa ife nkumati ndinaponda chitsinga, mankhwala otchera m'njira monga amanenera Achishona. Anabwera ndi sing'anga masana dzuwa likuswa mtengo, amuna anayi nkundipanikiza pansi ngati mbuzi. Munthuyo anang'amba bala ndi lumo ladzimbiri, anafinya, kenako anatulutsa kafupa kakuda, nakakweza m'mwamba kuti onse aone zimene mfiti inandiponyera. Akazi analulutira. Ine ndinakomoka.

Nditatsitsimuka sindinapemphenso pasi ya munthu. Woyendetsa lole ya fodya, mnzanga wa ku Tete, anandibisa pakati pa mabelo mpaka kukanditula kuchipatala chachikulu. Dokotala ataunika mwendo anandionetsa pachithunzi pamene fupa linadyeka, ndipo mpamene ndinazindikira kuti kafupa kankalulutiridwa kaja kanali kanga komwe. Kodi pali uchitsiru woposa pamenepo? Anati ndikanachedwa mwezi wina macheka akanagwira ntchito. Ndinagona miyezi yambiri m'chikhakha, jakisoni tsiku ndi tsiku. Kakoloyo anauma, sapindika, koma phazi ndi langa ndipo ndimaliveka nsapato.

Lero ndimakhulupirira kuti chimene chikanandipundula si mfiti ayi, koma munthu wosadziwa kanthu atapatsidwa mpando. Inu anzanga, mfundo ikatupa miyezi osaphwa, musakafunse maganizo kukomboni. Pitani akakuunikeni, ngakhale mochita kukwawa.