Anamuombera M'manja Akubanika

Ena mudzati ndikukometsera, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndikazikumbukira mtima umandiwirabe.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira maluwa pa loji ina kufupi ndi Zambezi. Abwana anatiitanira mphunzitsi kuti tidziwe chochita munthu akapuma mpweya wa mankhwala oyeretsera dziwe losambiramo alendo. Anati tizimutulutsira kumphepo, kumuvula zovala zimene zagwera mankhwala, kumutsuka ndi madzi ambiri, ndipo tisamumwetse kanthu. Poyeserera, wodwala wathu ankakhala mnzanga wa ku komboni ya Libuyu woyang'anira dziwelo, munthu wanthabwala. Ankagwa motembenuza maso, nkumalira kuti ana ake awasiyira yani, anthu nkumagubuduka ndi kuseka. Maphunziro anasanduka sewero.

Masana ena mnzangayo anatuluka m'kanyumba ka mankhwala akudzandira, akutsokomola, misozi ili chuchuchu, nkugwera pakhomo pomwepo. Tinadzamva pambuyo pake kuti anathira klorini mu ndowa imene munatsalira asidi. Nanga anthu ophunzitsidwa aja anatani? Anamuombera m'manja. Mlonda anati lero ndiye wapambana, ameneyu ngwa pa TV. Ine ndinali chapatali ndi khasu, mphepo inandibweretsera fungo lobaya m'mphuno, ndipo sewero silikhala ndi fungo.

Ndinatseka mphuno ndi malaya nkumukokera pa kapinga, mbali imene mphepo inkachokera. Ndikumuvula ndi kumuthira madzi a mpaipi, anzanga ankasekabe, ati nanenso ndalowa drama. Ataona milomo yada bii, kuseka kunatha, koma mayi wophika anatulukira ndi kapu ya mkaka, ati kwawo poizoni amathetsa ndi mkaka. Munthu akulephera kupuma, mumumwetse mkaka? Kodi tsiku la maphunziro makutu anawasiya kunyumba kwawo ku Maramba? Ndinawabweza dzanja.

"Ba mayo, iyi si drama, munthu azafa. Itanani motoka."

Anachira, ngakhale chifuwa chake sichinabwerere mwakale. Nditakamuzonda kuchipatala anandiuza kuti chimene chinamuopsa koposa si kubanikako, koma kumva anzake akumuombera m'manja iye akufa.

Lero ndimakhulupirira kuti kuseka kuja kukanamupha msanga kuposa klorini. Choncho anzanga, munthu akagwa pantchito, ngakhale akhale wanthabwala chotani, thamangirani kaye. Ngati akunama mudzaseka madzulo, kuseka sikuwola.