Chimene Malume Shahat Anabisa M'khoma

Malume anga a Shahat akhala akulonda nyumba ya malemu Hilmi Sarofim kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atolankhani atabwera mwezi watha anajambula denga, mawindo ndi mipando, koma iwo anauza malumewo kuti asunthe chifukwa akutchinga kuwala. Ine ndamaliza sukulu chaka chino, ndikungokhala, ndiye ndati nkhani yawo ndilembe ndine. Akadziwa andikalipira.

Bwana Hilmi anali katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo mpaka lero ophunzira amachokera ku Cairo ndi kutsidya kwa nyanja kudzaona nyumba imene anadzimangira kwathu kuno, kuseri kwa minda ya nzimbe. Ndi ya zidina zokhazokha, dothi losakaniza ndi mapesi a tirigu. Chipinda chachikulu chili ndi denga lozungulira ngati mbale yovundikira, lopanda mtengo ngakhale umodzi, longotsamira pamakoma anayi. Malume anayamba kugwirira bwana Hilmi ntchito yoponda dothi asanamere ndevu. Amati bwanawo ankadana ndi simenti kuposa chinkhanira, chifukwa khoma la dothi limafunika kupuma, ndipo simenti imatsekera chinyezi m'kati.

Bwana Hilmi atamwalira, malume anatsala m'kachipinda ka pachipata ndi akazi awo a Wahiba. Inenso ndakulira momwemo. Chaka ndi chaka malume ankamata makoma onse ndi dothi latsopano, okhaokha, poti madzi othirira nzimbe amayenda pansi, n'kumadya makomawo kuyambira kutsinde.

Chaka chino bungwe losamalira nyumba zakale linatumiza mayi Nermin, amene anaphunzira zokonza nyumba zotere. Anabwera ndi mmisiri wa ku Aswan, a Bakri, mnzawo wakale wa malume. Denga lija linali litachita mng'alu wolowa chala. Mayi Nermin anazungulira makoma akugogoda ndi kachitsulo, n'kulemba kuti ndi olimba. Anagwirizana kuti Loweruka anthu asanu ndi mmodzi akwera pamwamba kukatseka mng'aluwo. Mmodzi mwa iwo anali Gad, mwana wa malume, bambo wa ana awiri.

Kuyambira tsiku limenelo malume anasiya kudya.

Lachinayi masana a Wahiba anakankhira mbale patsogolo pawo. "Bambo a Gad, nyembazi zakulakwirani chiyani? Lero ndi tsiku lachitatu mukungoziyang'ana."

"Sindikumva njala."

"Inu? Munthu amene munadya mbale yanga pa ukwati wanga womwe?"

Malume sanaseke. Anayang'ana kuchitseko, kenako anatsitsa mawu. "Khoma la kumpoto lija, kunsi kwake kuli simenti."

Anafotokoza kuti zaka khumi ndi chimodzi zapitazo msana utawagwira, tsinde la khomalo linali kugumuka ndipo analibe mphamvu zolimata. Anachita mantha kuti nyumba iwagwera m'manja. Anagula matumba awiri a simenti, n'kupaka Lachisanu masana anthu onse ali kumzikiti, kenako anamata dothi pamwamba kuti munthu asaone. Chimene mayi Nermin anagogoda chinali chikhokhombe chabe.

"Ndikatsamiritsa khutu, m'katimo mumamveka ngati m'chitsime," anatero. "Ndipo mumanunkha ngati m'chitsime."

A Wahiba anagwira pachifuwa. "Mukanena atithamangitsa. Ndi msana wanuwo tikalowera kuti? Mudzi wonse udzati Shahat anawoletsa nyumba ya bwana wake."

"Ndikudziwa, mayi a Gad."

Ndinkamva ntchentche ikuzungulira pa anyezi.

Lachisanu, potuluka kumzikiti, malume anakokera Gad pambali. Anamuuza kuti mawa adwale, anene kuti m'mimba mwamupotokola. Gad anaseka mpaka kugwira mawondo. "Ababa, mwayamba kulota masana? Ndakwera madenga angati ine?" Malume atabwera kudzanena zimenezi kunyumba, a Wahiba anawayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga asanu enawo alibe amayi awo?" anafunsa.

Loweruka m'mawa makwerero anali atatsamira kale pakhoma, zidebe za dothi zili pamzere. Gad anali atavula nsapato, phazi limodzi lili pamakwerero. A Bakri ataona malume akubwera ndi hamala anakuwa.

"Iwe nkhalamba, hamalayo ukukaphera nayo nsabwe? Pita ukatiphikire tiyi!"

"Bakri, tsitsa anthu ako. Amene ali m'kati atuluke."

"Wakulemba ukapitawo ndani?"

"Ndati atuluke!"

Sindinawamvepo malume akukuwa chotero. Anthu anatuluka akuyang'anizana. Malume anagwada kunja kwa khoma la kumpoto, n'kulimenya ndi hamala, koma koyamba anaphonya. Mayi Nermin anathamanga. "Bambo Shahat, mukuchita chiyani? Siyani!"

Kachitatu hamala inalowa. Dothi la pamwamba linayoyoka, n'kuonekera chotuwa chija, ndipo chibanthu chachikulu ngati thireyi chinagwera pansi. Kuseri kwake kunalibe zidina. Kunali matope akuda, onyezimira mchere, akutsika pang'onopang'ono ngati phala. Malume anapinda mkono wa mkanjo, n'kulowetsa dzanja. Linalowa mpaka m'chigongono, kenako mpaka paphewa.

Kenako denga linalira. Sanali mawu aakulu, anali ngati munthu wathyola nzimbe patali. Anamzeze amene amamanga m'mphepete mwake anauluka onse pamodzi, ndipo pakhomo tinaona fumbi likutsika m'chipindamo ngati ufa wosefa. Gad anachotsa phazi pamakwerero mosamala, ngati akuopa kudzutsa njoka.

A Bakri ndi amene anayamba kulankhula. "Mitengo. Bweretsani mitengo yonse, tichirikize. Osathamanga, agalu inu, yendani ngati muli pamaliro!"

Anachirikiza mpaka dzuwa kupendeka, munthu mmodzi yekha kulowa nthawi imodzi, enawo ali panja akutchula dzina la Mulungu. Malume anangokhala pomwe anagwadapo, mkono uli matope okhaokha. Mayi Nermin anawaimirira kutsogolo.

"Anapaka ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ine ndinalemba kuti khomali ndi lolimba. Ndinasaina ndi dzanja langa." "Masiku onsewa munali pomwepa mukutipatsa tiyi."

Patapita masiku anayi, bungwe linalanda malume makiyi. Anawamasula okha pachingwe cha m'khosi chimene anavala zaka zonsezi, ndipo a Wahiba analowa m'nyumba kuti asaone. Akuti tikhala m'kachipindaka mpaka ntchito ithe, zapatsogolo sananene. Mapoto athu ena ali kale m'thumba pansi pa bedi.

Denga analitsitsa chidina chimodzichimodzi, chilichonse n'kuchilemba nambala kuti chidzabwerere pamalo pake. Khoma la kumpoto likufunika zidina zatsopano, ndipo m'mapepala onse a bwana Hilmi mulibe pamene analemba muyeso wa mapesi ndi dothi. Ankangouyesa ndi mapazi a malume. Ndiye m'mawa uliwonse mlonda watsopano amawatsegulira chipata, iwo n'kulowa m'dzenje loponderamo dothi, a Bakri akuwanyoza kuti amaponda ngati ngamila yodwala.

Asanalowe m'dzenjemo malume amazungulira nyumba yonse, khutu pakhoma lililonse. Gad akamadutsa ndi chidebe, amamutsatira ndi maso mpaka atatuluka mumthunzi wa khoma.