Mchere wa aNambewe

Sitolo ya a Felisiya inali kachipinda kamodzi ka zidina, kofolera udzu, pamphambano pomwe njira ya ku Zingalume imakumana ndi ya kudambo. Ife tinkawatchula ndi mfunda wawo, aNambewe. Kwawo kunali ku Zemba. Kwathu anabwera ngati mtengwa, atakwatiwa ndi a Simeoni, amene ankaphika kwa mzungu ku Halale ndipo ankaoneka kamodzi pa zaka ziwiri. Sitoloyo anaitsegula mu 1953 ndi thumba limodzi la mchere, mitanda khumi ya sopo ndi debe la palafini. Tinaseka mudzi wonse, ndipo ine Lonia ndinaseka kuposa onse, poti pakamwa panga sipanayambe pakhalapo chete.

Koma mkaziyo sanali wopusa. Asanagule kanthu kalikonse anakhala mwezi wathunthu pamphambanopo, akuswa mtedza, akufunsa aliyense wobwerera ku Chadiza kuti wakagulako chiyani. Tinkati ndi miseche. Iwo amawerenga miyendo yathu. Anapeza kuti munthu amatha tsiku lonse panjira chifukwa cha singano imodzi ndi bokosi la machesi, n'kukaima padzuwa pawindo la sitolo yaikulu ya kumeneko, komwe wogulitsa ankakuitana kuti “iwe” ngakhale uli ndi imvi, ndipo nsalu sunkaloledwa kuigwira usanalipire.

Choncho aNambewe anagula zokhazo zimene tinkapitira. Sopo ankamudula ndi ulusi m'tizidutswa ta kobiri, poti ndani mwa ife akanagula mtanda wonse? Palafini ankayeza ndi kabotolo. Wopanda ndalama ankabwera ndi mazira kapena mtedza, iwo n'kulandira. Pakhonde panali mtsuko wa madzi akumwa, wogula ndi wosagula yemwe ankamwa. Lamulungu ankayanika nsalu zitatu pachingwe nthawi yomwe anthu akutuluka m'tchalitchi, ndipo akazi tinkazigwiragwira mpaka kuzidetsa, iwo osakwiya. Liwu lakuti “kulibe” sankalitchula. Ankati, “Lachisanu mukabwera muipeza,” ndipo Lachisanu unkaipezadi, ngakhale kuti zinkawatengera kupalasa njinga okha kukaitenga. Ndinawafunsapo tsiku lina kuti nzeru zimenezi anaziphunzira kuti.

“Kwa inu nomwe, amake Lefina,” anandiyankha. “Mukamadandaula ine ndimamvetsera. Inu ndiye mumadandaula bwino kwambiri.”

Mchere ndiwo unkaitana anthu. Ankatapa ndi chikho, kenako n'kuonjezera ndi dzanja kabasela pamwamba. Pofika chaka chachitatu ngakhale a ku midzi ya kutsidya ankatsika kudzagula kwathu, ndipo ife tinayamba kunena kuti “sitolo yathu” ngati tinaikapo njerwa.

Mu Febuluwale wa 1956, nkhokwe zitapepuka, mwana wanga Lefina anayamba kutupa. Anali ndi zaka ziwiri. Anatupa mapazi, kenako masaya, tsitsi n'kufiira. Akuluakulu atamuona sanachedwe kunena kuti ndi mdulo. Kwathu mwana akatupa chotero tinkati wadulidwa, ndipo njira zake tinkadziwa ziwiri: kaya bambo wake wayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzamunyamula, kaya mwanayo wadya mchere umene wagwira munthu wotentha thupi ndi chigololo.

Ine ndinkadziwa. Mwezi wapitawo ndinali nditawapeza ndekha amuna anga a Jonasi kudimba ndi mkazi wina wa ku Mlolo, ndipo sanali kupalira. Koma a Jonasi anali mkamwini pamudzi pathu. Atsibweni anga akanangomva, akanawapirikitsa tsiku lomwelo, ine n'kutsala ndi ana atatu, mwana wodwala, ndi munda wa chimanga chomwe chinali chisanakhwime. Ndinachita mantha, sindibisa. Atsibweni atatiitana n'kufunsa kuti m'nyumba mwathu mwalowa chiyani, a Jonasi anangoti zyoli. Ine ndiye ndinatsegula pakamwa panga paja.

“M'nyumba mwathu mulibe kanthu,” ndinatero. “Koma mchere timagula kwa aNambewe. Ndipo amatapa ndi dzanja.”

Sindinaonjezere liwu lina. Panalibe chifukwa. Mkazi woti mwamuna wake ali ku Halale, amuna odutsa akukhala pakhonde pake kumwa madzi, iye akuseka nawo, akupita yekha ku Chadiza pa njinga: anthu anamaliza okha nkhaniyo, ndipo anaimaliza bwino kuposa momwe ine ndikanathera. Pofika madzulo inali m'kamwam'kamwa. Akazi a m'mudzi anataya mchere wawo kudzala. A Elinata, mlongo wawo wamkulu wa a Simeoni, amene sanamukondepo mtengwayo chiyambire, anapita kwa mphunzitsi kukalembetsa kalata ya ku Halale.

Ndinkayembekeza kuti aNambewe abwera kudzanditukwana. Mwina ndikanapepukidwa. Sanabwere. M'mawa mwake anasesa pabwalo, anadzaza mtsuko, anatsegula chitseko monga mwa masiku onse. Palibe analowa. Tsiku lachitatu anakokera thumba la mchere pakhonde, n'kuikamo chikho chatsopano, n'kumauza aliyense wodutsa kuti, “Amene akuopa dzanja langa adzitapire yekha. Thumbali ndalimasula inu mukuona, sindinaligwire m'kati.” Anthu ankayang'ana kumbali. Mphunzitsi uja, pomva chisoni, anawalangiza kuti atsitse mtengo kuti anthu abwerere.

“Ndikatsitsa lero, mawa adzati ndavomera,” anatero aNambewe. “Mchere wanga ulibe mlandu, ndipo mtengo wake ndi womwe uja.”

Sunali mchere wokha umene unaima. Sopo anauma pashelefu. Nsalu za Lamulungu zinkangouluka pachingwe popanda wozigwira. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, mchere wa pakhonde uja n'kuyamba kuchita madzi. Ndipo ife eni mudzi, anzeru athu, tinayambiranso ulendo wa ku Chadiza, kuwoloka mitsinje yodzaza, kukaima pawindo paja kuti atiitane “iwe”. Gogo wina anaterereka pamatope n'kuthyoka dzanja chifukwa cha machesi omwe anali pafupi ndi khomo lake. Amene analibe mphamvu zoyenda anabwerera ku chidulo cha phulusa. Aliyense ankadandaula, koma palibe ankafuna kukhala woyamba kuoneka pakhonde paja.

Lefina ndinapita naye kumishoni. Asisitere anamudina phazi ndi chala n'kunena kuti ndi njala, azidya phala la nsinjiro ndi mazira. Nthawi imeneyo sindinawakhulupirire. Koma kaya ndi njala monga ankanenera iwo, kaya ndi mdulo monga tinkanenera ife, ine ndinkadziwa chinthu chimodzi: aNambewe sizinkawakhudza. A Jonasi ankangoti, “Zisiye, ziphwa zokha,” n'kutenga khasu kumapita.

Sizinaphwe. Patatha milungu itatu a Simeoni anatsika lole Lachisanu, ndipo m'nyumba mwa mkazi wawo sanalowemo. Anakafikira kwa a Elinata. Loweruka ankhoswe a ku Zemba anafika ndi njinga ziwiri zomangirira zingwe kumbuyo, ndipo aliyense anadziwa kuti zingwezo n'za katundu wa aNambewe. Nkhani anati ikambidwa Lamulungu, anthu akatuluka m'tchalitchi, pakhonde la sitolo pomwepo.

Tsikulo aNambewe anayanikabe nsalu zawo. Anthu anadzaza bwalo, ena ataima, ena atakhala pamatope. Ine ndinakhala kumbuyo, Lefina ali kumsana, mbale yachitsulo ili pansi pa nsalu yanga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinainyamula ndi cholinga kapena manja anangoitenga. A Jonasi anakhala ndi amuna anzawo pansi pa mtengo. A Simeoni anali pampando, atavala jekete la ku Halale, loko watsopano ali pabondo, akumutsegula ndi kumutseka. Phokoso lake lokhalo ndi lomwe linkamveka.

A Elinata ndiwo analankhula kwambiri. Mkhoswe wa ku Zemba anafunsa kuti mwamuna amene akunenedwayo ndi ndani, amutchule dzina. Palibe anamutchula, poti kunalibe. Koma a Elinata sanagwedezeke.

“Dzina la chiyani?” anatero. “Taonani thumbalo. Milungu itatu lili pamenepo, palibe watapamo ngakhale kamodzi. Anthu akulolera kuthyoka manja panjira. Mudzi wonse ungakhale wopenga? Achimwene, tsekani chinthuchi, mkaziyu azipita kwawo.”

A Simeoni anatembenukira kwa mkazi wawo. “Uli ndi mawu?”

“Ndanena kale kuti sindinachite,” anayankha aNambewe. Anali ataima pakhomo, manja ali kumbuyo. “Mwayenda ulendo wonsewu osandifunsa. Mufuna ndinenenso chiyani?”

Ndinaona kuti anali ataonda, khosi litatalika. A Simeoni anaimirira ndi loko uja. Ndinaona kuti chitsekocho chikangotsekedwa, basi, mkaziyu akakalamba ku Zemba ndi dzina la chigololo, ndipo dzinalo ndamupatsa ndine. Ndinaimirira. Ndinadutsa pakati pa anthu, ndikuponda nsalu za ena, mpaka pakhonde.

“ANambewe, ndifuna mchere wa tiki.”

ANambewe anandiyang'ana, kenako analoza thumba ndi chibwano. “Chikho chili momwemo. Dzitapireni.”

“Iyayi. Nditapireni inu. Ndi dzanja.”

“Lonia!” anakuwa a Elinata. “Wapenga? Ufuna kumumaliza mwanayo?”

Ndikanatha kungogula n'kuchoka. Ndinaganizadi zotero. Koma ndinawaona a Simeoni akadali chiimire ndi loko m'manja, ndipo ndinadziwa kuti mbale imodzi ya mchere siingatseke pakamwa pa a Elinata. Ndinatembenuka kuyang'ana anthu.

“Mwanayu mchere uwu sunamudule,” ndinatero. “Ndinanama ndine. Ngati wadulidwa, afunseni a Jonasi awo zimene ankachita kudimba ndi mkazi wa ku Mlolo. Ndinawapeza ndekha. Ndinaopa kutsala ndekha ndi ana, ndiye ndinaponyera aNambewe.”

Phokoso lomwe linabuka sindingalifotokoze. Atsibweni anga anadzuka ndi ndodo. A Jonasi sanadikire kuti afunsidwe, anazemba kuseri kwa mtengo n'kulowa m'chimanga, ndipo kuthawako kunawayankhira. A Elinata anayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino. A Simeoni anakhala pansi pang'onopang'ono, loko uja n'kumulowetsa m'thumba la jekete ngati palibe amene anamuona. M'kati mwa zonsezi aNambewe anawerama, anatapa mcherewo ndi dzanja, wonyowa momwemo, n'kuthira m'mbale mwanga. Analandira tiki yanga, n'kuitana, “Wina?” Mayi wina anabwera, kenako wina. Ankhoswe a ku Zemba anabwerera ndi zingwe zawo zopanda kanthu.

A Jonasi anatuluka m'mudzi Lachiwiri ndi bulangete ndi nkhwangwa, ndipo sanabwererenso. Chimanga ndinakolola ndekha. Lefina anachira pang'onopang'ono. Sitolo ija inakhala zaka zina makumi awiri, inafoleredwa malata, ndipo atsikana ambiri amene anadzayamba timalonda tawo ankapita kwa aNambewe kukafunsa nzeru. Anthu ena ankanditama kuti ndinalimba mtima, ine n'kuyamba kukhulupirira.

Nditamaliza kukolola ndinapita kukapepesa mwamwambo, nditanyamula nkhuku. Ndinawapeza okha, akudula sopo. Ndinagwada pakhomo, ndinalankhula zambiri, ndinalira, ndipo mumtima ndinkadikira kuti anene kuti ndinawapulumutsa. Nkhukuyo analandira, anaimanga pamzati, n'kubwerera ku sopo wawo.

“Ndamva, amake Lefina,” anatero osakweza mutu. “Za mantha anu ndikuzimvetsa, nanenso ndine mkazi. Koma milungu itatu ija munkadutsa pano m'mawa uliwonse popita kumadzi. Ndinkakuonani. Ndinkati, lero anena.”

Ndinakhala chigwadire mpaka kunabwera munthu wofuna palafini, ndipo ndinasuntha kuti adutse.