Gullan wa pa Depoti ndi Wophika wa Kazembe

Gullan Sjödin sankakhulupirira munthu. Ukamupatsa moni wansangala, ankayamba wakuyang'ana m'manja kuti aone chimene wadzapempha. Ndikunena zimene ndikudziwa, chifukwa tinaphunzira kalasi imodzi kuno ku Tallvik, ndipo zaka zonse zimene ndinayendetsa basi ya m'mphepete mwa nyanja, khofi ndinkamwera m'kanyumba kake ka pa depoti.

Ena amati anabadwa choncho. Ine ndimati anamuphunzitsa ndi Evert, mwamuna wake, amene anakwera sitima ya matabwa ponena kuti abwera Khirisimasi isanafike, kenako n'kumveka kuti ali ndi mkazi wina ku Göteborg.

Mnzake wa pa desiki imodzi anali Ragnhild Nordlöf. Atamaliza sukulu, onse awiri analowa ntchito kukhitchini ya fakitale yochekera matabwa. Gullan ankasenda mbatatesi ali duu, Ragnhild ankasenda pakamwa posapuma. Posakhalitsa anasankha Ragnhild kukhala mlembi wa bungwe la apantchito, kenako khansala, kenako phungu ku Stockholm. Pa kampeni anakwera pa lole kunja kwa fakitale n'kulonjeza kuti macheka sadzaima iye ali moyo. Macheka anaima, iye ali moyo ndithu. Chaka chotsatira tinamva pa wailesi kuti boma lamutumiza kukakhala kazembe kudziko lina la ku South America, kumene kunkalamulira asilikali.

"Amuthawitsa," anatero Gullan akundithirira khofi. "Mwana akaswa mbale amamutuma kusitolo mpaka alendo atapita."

Ndiye tsiku lina, masamba atayamba kuyoyoka, Ragnhild anatsika m'basi yanga, nthawi yake ya ukazembe isanathe, popanda galimoto la boma. Pambuyo pake panali mayi wamfupi watsitsi lakuda bii, atavala jasi lomukulira. Anakakhala m'nyumba yakale ya makolo a Ragnhild kuseri kwa tchalitchi. Aliyense wofunsa ankalandira yankho limodzi: uyu ndi Eulalia, wophika wanga.

Tauni yonse inayamba kunong'ona. Ena ankati kazembe wathu amuchotsa chifukwa cha mowa. Ena ankati ananyoza mkulu wa asilikali paphwando. Gullan sankatsutsa zimenezo, koma maso ake anali pa mlendoyo.

"Wophika wanji wogula mabanzi kwa ine tsiku ndi tsiku?" anandifunsa. "Dzulo amandifunsa ndi manja ngati mbatatesi amaziika m'madzi ozizira kapena owira. Sixten, waziona zala zake? Sizinagwirepo mpeni zimenezija."

"Mwina kwawo amaphika zina."

"Ee, amaphika ndi maso."

Ragnhild atabwera yekha kudzagula buledi, Gullan sanazungulire.

"Iwe, mayi ujayu ndi ndani?"

"Ndinanena kale. Wophika wanga."

"Usandiyankhe ngati ndine nduna. Ine ndinakuona ukulira chifukwa cha nsabwe m'kalasi yachiwiri."

Ragnhild anamwetulira pang'ono, kumwetulira kumene anakaphunzira kunja. "Gullan, pali mafunso amene yankho lake limalemera kwa wolimva. Ndipatse buledi wakuda uja wa ufa wa rai."

"Ulemu wako womwewu ndi umene unatitsekera fakitale," anatero Gullan, n'kumukankhira bulediyo osamukulunga.

M'mwezi wa Febuluwale, pa basi ya masana, ndinanyamula bambo wina wachilendo. Anali wowonda, jasi lake labwino, koma nsapato zake zinali zam'tauni, zosayenera chipale chofewa. Atatsika anaima pa depoti n'kumayang'ana nyumba imodzi imodzi, kenako analowa kwa Gullan. Ine ndinali kale pa tebulo langa. Anatulutsa chithunzi, n'kunena m'Chiswidishi chothyokathyoka kuti akufuna mlongo wake, ndipo wamva kuti ali kwa mayi kazembe.

Gullan anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anali Eulalia, atavala mkanjo wa maloya.

"Khalani pansi, bambo, mwazizidwa," anatero, ndi mawu okoma amene sindinawamvepo pakamwa pake. Anamuthirira khofi, n'kumuikira banzi la sinamoni. "Anakuuzani ndani kuti ali kuno?"

"Anthu."

"Anthu ake ati?"

Bamboyo anayang'ana chitseko, kenako ine. "Anthu a ku Stockholm."

"Nanga inu mwatuluka bwanji kwanuko, poti timamva kuti asilikali salola?"

Bamboyo anangomwa khofi wake.

"Pepani, mwachedwa," anatero Gullan. "Anasamuka. Mayi kazembe anamupezera ntchito ku Kiruna, kukhitchini ya ku mgodi. Basi yakumpoto ikunyamuka posachedwa. Sixten, suwaperekeza abambowa?"

Ndinamuperekeza. Pokwera anandigwira dzanja n'kundithokoza kawiri.

Basi itangokhota, Gullan anatseka kanyumba kake masanasana, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pa maliro a mayi ake, n'kuyamba ulendo wa kwa Ragnhild m'chipale chofewa atavala epuloni. Ine ndinamutsatira. Kwa Ragnhild sanagogode.

"Wophika wako ali ndi mchimwene?"

Nkhope ya Ragnhild inasintha. Anaitana Eulalia, n'kuyamba kumasulira. Ndi pamene tinamva zonse. Eulalia anali loya woimira anthu omangidwa ndi asilikali. Atamva kuti tsopano akufuna iyeyo, analumpha mpanda wa nyumba ya kazembe. Ragnhild anamusunga miyezi, kenako anamulembetsa ngati wantchito wake n'kukwera naye ndege. Boma la kumeneko linanena kuti Ragnhild asadzapondekonso, ndipo mabwana ake a ku Stockholm nawonso sanakondwe.

Eulalia anali ndi achimwene awiri. Wina anali m'ndende. Winayo anali msilikali, yemwe anapereka dzina la wam'ndendeyo kwa akuluakulu ake.

"Wabwerayo ndi uti?" anafunsa Ragnhild.

Gullan anafotokoza msinkhu, mphuno, imvi za m'mbali. Eulalia anapukusa mutu, misozi ikutsika. Achimwene awiriwo ankafanana ngati mapasa. Wam'ndendeyo anali ndi chipsera pachipumi, koma bamboyo sanavule chipewa.

"Ngati ndi wam'ndende, wamuthamangitsa munthu wosalakwa," anatero Ragnhild.

"Ngati ndi winayo, ndapulumutsa wophika wako wosadziwa kuphikayu. Iwe ukanatani?"

"Sindikudziwa," anatero Ragnhild. Aka kanali koyamba kumumva akunena mawu amenewo.

M'mawa mwake Ragnhild anamusamutsira Eulalia kwa anzake kum'mwera. Gullan anabwerera ku mabanzi ake, koma mpaka chipale chinasungunuka, basi yakumpoto ikamafika ankaima pawindo kuyang'ana otsika.

Patapita zaka, asilikali aja atagwa, Eulalia anabwera m'chilimwe kudzatsanzika asanabwerere kwawo. Anali ndi bambo yemwe uja, akuyenda motsimphina, chipewa chili m'manja, chipsera chili poyera. Anali wam'ndende. Nthawi ija asilikali anali atamumasula n'kumuthamangitsa m'dziko, ndipo ku Kiruna anazungulira makhitchini onse mpaka chisanu chinamudya zala zakuphazi. Mlongo wake anadzamupeza patapita nthawi yaitali kudzera ku bungwe lothandiza othawa kwawo. Bamboyo analibe mkwiyo. Anati akanakhala Gullan, akanachita chimodzimodzi.

Gullan anawapatsa khofi ndi keke ya zipatso, n'kukhala nawo pansi, koma sanapepese. Atapita anandiuza kuti, "Chipsera munthu akhoza kudzicheka yekha." Ananena zimenezi akupukuta tebulo limene linali loyera kale, ndipo tsiku limenelo anapsereza mabanzi.

Ragnhild anamutumizanso ukazembe kumayiko ena awiri, kenako anapuma n'kubwerera ku Tallvik. Gullan anatseka kanyumba kake miyendo itayamba kutupa, n'kusamukira kunyumba ya okalamba. Kumeneko mankhwala sankamwa mpaka namwino atamuonetsa botolo lake. Lachinayi lililonse Ragnhild ankapita kukadya naye supu ya nsawawa, n'kumakangana za chisankho mpaka anamwino kudzatseka chitseko.

Anayamba kumwalira ndi Gullan. Pa maliro tinalipo ochepa. Abusa atapempha Ragnhild kuti alankhule, mayi amene analankhulapo pamaso pa mafumu ndi mapulezidenti anaimirira, nagwira benchi, n'kunena kuti, "Anali mnzanga. Sanandivoterepo." Kenako anakhala pansi, ife n'kuimba nyimbo yomaliza.