Dontho la Inki pa Chibonga cha Tokiko

Inu amene mukuti mwagwa kotheratu, tamverani za Tokiko Muroya, mnansi wanga kuno ku Fukumitsu, m'dziko la Japan. Ine ndinalipo pabwalo tsiku limene chibonga chake chinachotsa munthu diso.

Tokiko ankasema zibonga zomenyera mpira wa bezibo, ntchito imene malemu bambo ake anamusiyira. Tsikulo womenya anakutumula mpira, chibonga n'kung'aluka, phaa! Chidutswa chosongoka chinauluka ngati mkondo n'kukabaya woponya mpira, Genta Oribe, padiso lakumanzere. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe.

Disolo silinapulumuke, ndipo Oribe anasiya kusewera akadali mnyamata. Matimu onse anabweza zibonga za Tokiko, ena osatsegula n'komwe makatoni. Amalume ake sanamubisire mawu.

"Iwe, tseka malo ano. Bambo ako anasema zaka makumi anayi osavulaza olo ntchentche. Kagulitse chakudya cha tofu uko, mwina sukapha munthu."

Mawuwo anamulasa, koma chinkamudya kwambiri n'chakuti sankadziwa pomwe analakwitsa. Mtengo womwe bambo ake ankasema unali utasowa, ndiye iye anayamba kusema mtengo wina wotchedwa mepulo. Mepulo ndi woyera, wosalala, koma mitsempha yake imabisala. Ukauona umangoti wowongoka.

Mwezi uliwonse ankalembera Oribe kalata yopepesa, ndi burashi ndi inki monga timachitira pa nkhani zikuluzikulu. Mwezi uliwonse kalatayo inkabwerera yosatsegula. Zaka ziwiri, anthuni! Ine ndikanasiya kalekale.

M'mawa wina akulemba, inki inadonthera pa theka la chibonga chija, lomwe ankalisunga patebulo. Dontholo silinakhale malo amodzi. Linayenderera m'mitsempha ya mtengo n'kupendekera kumbali, ndendende njira yomwe chibongacho chinang'alukira.

Anathamangira kwathu manja ali bii.

"Mayi Sumie, taonani! Mtengowu umanama, koma inki sinama!"

Kunena zoona, ndinkati mnzanga wazungulira mutu.

Anadonthezera mitengo yonse yomwe anasunga. Atamaliza anangokhala pansi, kukamwa yasa. Yambiri inali yopendekera mitsempha. Ndiye kuti zaka zonsezi ankagulitsa mikondo osadziwa! Mitengo imeneyo anaiwaza nkhuni. Yowongokayo anaiumitsa pang'onopang'ono, n'kusema, n'kumaimenyetsa mpira woponyedwa ndi makina mpaka ithyoke. Zibonga zimenezi zinkapirira miyezi, ndipo zikatopa zinkangochita mng'alu n'kutsala zathunthu. Koma wogula, olo mmodzi.

Ulendo uno sanalembe kalata. Anakulunga theka lija pamodzi ndi chibonga chatsopano, chilichonse ndi dontho lake, n'kutumiza kwa Oribe. Phukusilo silinabwerere. M'malo mwake kunabwera Oribe mwini wake, amene tsopano ankaphunzitsa timu ya pafakitale ina.

"A Muroya, makalata anu aja ankandinyansa. Pepani sabweza diso. Koma madonthowa akutanthauza chiyani?"

Tokiko anafotokoza.

"Mukulumbira kuti chatsopanochi sichidzathyoka?"

"Ayi, bambo. Mtengo ndi mtengo. Ndikulumbira kuti sichidzauluka."

"Bweretsani zibonga khumi Loweruka."

Loweruka tinapita tonse, ngakhale amalume aja. Tinkayesa kuti aponya ndi makina. Tinangoona Oribe wavula jekete, watola mpira, n'kukaima poponyera, mtunda womwe uja anatayira diso. Ndinagwira pakamwa.

"A Oribe, chonde!" anakuwa Tokiko. "Imani kuseri kwa ukonde wotetezera!"

"Osewera anga adzaima pano popanda ukonde. Ine ndikaopa, iwowo ndiwaimika bwanji? Diso latsala limodzi ili, mayi. Ndaliika m'manja mwanu."

Anauza osewera kuti amenye ndi chibonga chimodzi chokha, mosinthanasinthana, mpaka chigonje. Anaponya mpaka thukuta kamukamu, chibonga osatekeseka. Ife mitima ili m'mwamba. Kenako womenya wina wamphamvu ngati ng'ombe anakutumula, tinangomva phaa!

Mayo! Anthu anakuwa, amalume anabisala kuseri kwa benchi, Tokiko anatseka maso ndi manja onse awiri.

Palibe chinauluka. Chibonga chinali m'manja mwa womenya, chathunthu, chili ndi mng'alu wokha.

Oribe anayenda mpaka pomwe panali Tokiko, n'kumuweramira.

"Tsegulani maso, mayi. Inu muli nawo awiri, ndiye muone bwino zimene mwachita."

Lero makina osemera a Tokiko amalira kuyambira m'mawa, ndipo chibonga sichituluka pakhomo pake chopanda dontho.

Inunso chimene chinakugwetsanicho musachitaye msanga. Chiikeni patebulo, muzichiyang'ana ngakhale chikuwawa, chifukwa Tokiko yankho lake analipeza pa chidutswa chomwe chinamuchititsa manyazi. Osataya mtima, abale anga, lanu dontho lisanagwe.