Zoona zinatuluka poperekeza mlendo

Lachiwiri lapitali ndinapita ndi azakhali anga, a Nabanda, kuchipatala chathu chaching'ono kuti akawaone za kuthamanga kwa magazi. Pachipatalapo pali kachipinda ka bambo Kalonga. Iwowa sabaya jakisoni. Ntchito yawo ndi kulangiza odwala komwe angapeze thandizo: wolumala apite ofesi iti, wolera amasiye akaonane ndi yani.

Tsikulo kunabwera mtsikana wa kafukufuku wochokera kuyunivesite, dzina lake Tadala. Ankafuna kudziwa ngati uphunguwu ukuthandizadi anthu. Malo atasowa, bambo Kalonga anamupatsa tebulo lawo, iwo n'kukhala pakhomo pomwepo kumasanja mapepala.

"Amayi, uphungu womwe munalandira kuno unakuthandizani?" Tadala anafunsa azakhali, nthawi yawo itakwana.

"Kwambiri, mwananga."

"Pali chomwe mungakonde chitasintha?"

"Iyayi, ife tikungothokoza basi."

Ine kukamwa yasa! Amuna awo, a Jailosi, anafa ziwalo mbali imodzi nthawi yokolola, ndipo mpaka lero ali chigonere. Bambo Kalonga analangiza bwinobwino kuti njinga ya olumala ingapezeke, bola wodwalayo akaonekere kuboma akamuyeze. Nanga munthu wosayenda atsika bwanji phiri lathu lija, lomwe njinga yamoto yomwe imakwera ikutsokomola? Kumsana kwawo kwayamba kale zilonda.

Kodi azakhali ananama? Ine ndikuti ayi. Kuno ku Neno sudandaula za munthu utakhala pampando wake, mwini wake akumva. Anakulandira bwino, anakutchula dzina. Ungamuyalutse pamaso pa mlendo?

Mafunso atatha, Tadala ananyamuka kuti akadikire galimoto pamphambano. Azakhali anamulanda chikwama n'kuchisenza pamutu, ati mlendo sachoka yekha ngati wakuba. Tinatsika pang'onopang'ono, tikukamba za manachesi a chaka chino. Titadutsa pachigayo, azakhali anatsitsa mawu.

"Kodi mwananga, inu ophunziranu, munthu wogona mbali imodzi mumamutani kuti zilonda zisakule?"

Tadala anaima. "Ndani ameneyo, amayi?"

Basitu nkhani yonse inakhuthuka pomwepo, pamsewu, foni yolembera mayankho ili m'chikwama pamutu pa mwini nkhani.

Inu owerenga mukudziwa kuti ndi mmene tilili. Mlendo amatha kukhala pamphasa tsiku lonse akuti kunyumba kuli bwino. Mukamuperekeza, mwafika pamalire a munda, ndiye muzimva kuti, "Komatu mlamu wanu sakudzuka." Chomwe munthu wabwerera chimanenedwa panjira, poti palibe kuyang'anana m'maso ndipo makutu ndi ochepa.

Sindikunyoza kafukufuku. Safunsa anadya phula, ndipo ndimakondwa kuti alipo ofuna kudziwa ngati timaofesi totere tili ndi phindu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti yankho la azakhali likanapita kutauni n'kukaphatikizidwa ndi "kwambiri" wa anthu ena, akuluakulu n'kuomba m'manja kuti zonse zikuyenda. Wofunsa asamangosamala za funso lake. Aone wakhala pampando wa yani, ndi amene waima pakhomo. Ndipo m'malo mwa "kodi munathandizidwa?", bwanji osafunsa kuti, "Mutachoka pano, kenako chinachitika n'chiyani?" Funso limenelo silifuna kuti munthu aweruze mnzake. Amangofotokoza ulendo wake, pomwe anatsakamira n'kuonekera pokha.

Tadala anapempha chilolezo kuti alembe zomwe wamvazo, komanso kuti awauze bambo Kalonga. Azakhali anavomera monyinyirika: "Koma musakawachotsetse ntchito, eti? Ndi munthu wabwino."

Lachinayi bambo Kalonga anakwera phiri lija wapansi. Ataona msana wa a Jailosi anatembenukira kwa azakhali, ndipo ine ndinawamvera chisoni.

"Amayi, bwanji osandiuza?"

"Munatithandiza kale. Tikanakuvutitsaninso?"

Njinga sinabwere, koma anamwino afika kudzatsuka zilonda, ndipo bambo Kalonga akuyesetsa kuti woyeza uja ndiye akwere kuno.

Pabenchi tsiku lija panali anthu ambiri, ndipo ndinkawamva mmodzimmodzi akuyankha kuti "kwambiri". Mwa oyankha onsewo, Tadala anaperekezedwa ndi munthu mmodzi yekha. Nanga enawo anasiya ndani chigonere kunyumba?